Limba la a Muliya ndi Nkhope ya Che Bakali

Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya pakhonde la golosale ya Ganizani pa Chitakale anaimvapo nkhani ya a Hopewell Muliya ndi limba lawo. Ena anaimva kakhumi. A Muliya sankasowa poyambira. Munthu akangodandaula kuti chiperoni chafika msanga chaka chino, iwo ankati, "Kuzizira kumeneku? Inu simunaone anthu akunjenjemera m'holo ya esiteti mwezi wa Okotobala, ine nditagwira makiyi." Akatero ankaimika ndodo pakati pa miyendo, ndipo amene anali ndi ulendo wa ku Limbe ankadziwiratu kuti minibasi ziwiri zimupitirira.

Tisawanamizire akuluwa, nkhaniyo inali yoona, mbali yake yaikulu. Zaka za m'ma 1970, pa esiteti ina ya tiyi ya m'munsi mwa phiri panali bwana wachizungu, wokalamba, wopanda mkazi, amene chuma chake chonse chinali makina a kanema ndi zitini za mafilimu a nthawi ya ubwana wake. Mafilimuwo analibe mawu, ndipo onse anali oopsa. Loweruka lomaliza la mwezi, ntchito ikatha masana, akapitawo ankatseka mawindo a holo ndi ziguduli, n'kupachika shiti yoyera kutsogolo. Othyola tiyi ankalowa fungo la masamba likadali m'manja, amayi ana ali kumbuyo, anyamata a kufakitale, ngakhalenso alonda. Bwanayo ankati kwawo kanema wotere saonera duu, pamakhala woliza limba. Choncho anabwereka limba la m'tchalitchi cha pa esitetipo pamodzi ndi wolizayo, Hopewell, kalaliki wa pasikelo wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, amene ankangodziwa nyimbo za m'buku basi.

Nyimbo za m'bukuzo ndi zomwe ankazipotoza. Ankatenga ya pamaliro, n'kuitsitsira ku makiyi a mawu aakulu, n'kuidula pakati, n'kuikoka mpaka m'busa weniweni sakanaizindikira. Koma chimene chinamveka mpaka ku Muloza chinali kufa kwa limba. Choopsa chija chikamayandikira, limba linkakwera, kukwera, kenako n'kungoti zii. M'holo munkatsala phokoso la makina lokha, tcheketcheke. Pamenepo ndi pomwe amayi ankakuwa, ndipo tsiku lina mlonda wina, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anatulukira pawindo chiguduli chili kumutu. Anthu ankati mwana wa a Muliya amadziwa popumira.

Panali chinthu chimodzi chokha chomwe sichinkanenedwa pa benchi paja. Zopondera za limbalo zinali zitathyoka kalekale, ndiye kalipentala wa esiteti anakhomera mpini kumbuyo kwake, woti munthu wina azipopera mvukuto ndi dzanja. Bwana sankalola nyale m'holo, choncho limba analitembenuza kuti kuwala kwa pa shiti kuzigwera pa makiyi. Woliza ankafulatira kanema. Woyang'ana kutsogolo anali wopopayo, Bakali, Msilamu wa kufakitale, mnzake wa Hopewell wamsinkhu umodzi, amene nkhope yake sinkatha kubisa kanthu. Zaka zisanu zonse zimene kanemayo anachitika, Hopewell sanaonepo filimu ngakhale imodzi. Ankaliza nkhope ya Bakali. Nsidze zikakwera, iye ankakweza nyimbo. Milomo ikayamba kunjenjemera, ankanjenjemeretsa zala. Ndipo kufa kwa limba kotchukako sikunali nzeru ya munthu aliyense: mantha akamukwana, Bakali ankangotaya mpini n'kugwira pakamwa.

Pobwerera kunyumba, Bakali ankamufotokozera mnzakeyo zomwe zinali pa shiti, ndipo nkhani zimenezo ndi zomwe a Muliya anakhala akudyera ulemu zaka makumi asanu. Poyamba ankati, "ine ndi mnzanga Bakali." Bwana uja atamwalira, kanema atatha, Bakali atasamukira ku Nkando kukayamba utelala, zinasanduka "mnyamata wina amene ankandipopera." Zaka zaposachedwapa mnyamatayo anali atasoweratu, limba linkadzipopa lokha.

Munthu amakodwa ndi pakamwa pake pomwe. Tsiku lina Lachiwiri, mdzukulu wawo Ireen, mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina ya pa boma, anafika pakhomo akumwetulira ngati watola kanthu pamsewu.

"Anganga, muja mumati limba lija likanakhalapo mukanationetsa?"

"Ndimatero, inde," anayankha a Muliya, akusenda nzimbe.

"Ndalipeza."

Mpeni unaima. Ireen anafotokoza kuti limbalo linali m'chipinda chosungiramo katundu cha tchalitchi cha pa esiteti, pansi pa mikanjo yakale ya kwaya. Makoswe anali atadya mvukuto, koma wosoka nsapato wa pa Chonde anaumatanso ndi chikopa chatsopano. Filimu yakale yopanda mawu, yoopsa ndithu, anali ataipeza pa intaneti. Holo ya mpingo pa Chitakale anali atapempha kale, Loweruka la sabata ya mawa, thu koloko masana. Ndipo mapepala anali atamatidwa m'mitengo kuyambira pa boma mpaka pa Chonde, olembedwa zilembo zazikulu: A MULIYA ABWERERA PA LIMBA.

"Ana asukulu anga sakhulupirira kuti kuno kunali zoterezi," anatero Ireen. "Ndikufuna akuoneni, anganga, mukadali ndi mphamvu."

A Muliya anati, "Zabwino, mama, zabwino kwambiri," koma nzimbe ija sanaimalize. Anachita mantha enieni. Dzina lawo linali chinthu chokhacho chomwe chinawatsalira. Akazi awo anali atamwalira, penshoni inali yogulira mchere, ndipo anzawo a pasikelo onse anali kumanda. Akanalephera pamaso pa Chitakale yense, pa benchi paja pakanatsala nkhalamba yabodza basi.

Lachisanu anapita ku holo kuja kukayeserera. Limba lija analizindikira akadali pakhomo: chipsera cha kandulo pakona, kiyi imodzi yoyera yothyoka m'mphepete. Analisisita, misozi n'kulengeza. Ireen, pofuna kuwachitira zabwino, anali ataliika moyang'ana nsalu yoonetserapo kanema kuti aziona bwino, ndipo wopopa anali a Spencer, mkulu wa kwaya, bambo wa mapewa aakulu.

Motero, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, a Hopewell Muliya anaona kanema woopsa wopanda mawu koyamba m'moyo mwawo. Inali nkhani ya munthu amene amatuluka m'chitsime cha m'mudzi wina wa azungu n'kumatsata mtsikana wotunga madzi. Anadikira kuti tsitsi liwaime. Munthuyo atatuluka, anali mzungu wowonda, wopakidwa zoyera kumaso ngati wagwera m'thumba la ufa, akuyenda tang'atang'a ngati ali ndi chithupsa pamalo osanena. A Muliya anatsala pang'ono kuseka. Zoona amayi a m'malaini a antchito a pa esiteti ankakomoka ndi zimenezi?

Anaika zala pa makiyi. Zala zinalipo, nyimbo zinalipo, koma zomwe zinatuluka zinali zoyenera pa chinkhoswe. A Spencer ankapopa bwinobwino, mosalekeza, ngati ali pa mjigo m'mawa. Mpweya sunkachepa, sunkachuluka, unalibe mantha ngakhale pang'ono.

"Tatembenuzani limbali," anatero a Muliya. "Ine ndimaliza chofulatira."

Analitembenuza. A Muliya anakweza maso kuyang'ana nkhope ya wopopa. A Spencer ankatafuna chingamu, ndipo munthu wa m'chitsime uja atagwira mtsikana pamkono, iwo anayasamula. Ireen anazimitsa makina asanafike kumapeto.

"Mwina mwatopa, anganga," anatero mwaulemu, maso ali pansi. "Tidzayesanso Lachitatu."

Kukoma mtima kumeneko kunawapweteka kuposa chipongwe. Mawa lake anavala jekete, anadutsa pa golosale ya Ganizani osaima, n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala atafunsa kotsikira, anati pa Nkando. Ndi ulendo wosakwana ola limodzi, koma panali patapita zaka khumi ndi ziwiri chiwonanirane ndi Bakali, pa maliro ena, pomwe anangogwirana chanza n'kulonjezana kuti ayenderana.

Pa Nkando anafunsa kwa amayi ogulitsa nandolo, ndipo anawalozera kuseri kwa mashopu. Mayi wina wovala mpango wakuda, amene anadzitchula kuti ndi Ramla, mwana wa che Bakali, anawatsogolera pakhonde. Pamenepo panali makina osokera ovundikiridwa ndi chitenje, ndipo pambali pake, pa mpando wa nsungwi, panali kankhalamba kovala kofia yoyera. Maso ake onse awiri anali atachita ng'ala, mbuu. A Muliya anayandikira pang'onopang'ono.

"Amene akukoka phazi lamanzereyo ndi a Hope," anatero che Bakali. "Moseliwa, achimwene? Kapena Chilomwe munachisiya pa sikelo?"

"Salaam aleikum, che Bakali."

"Aleikum salaam. Ramla, tiyi. Awa amamwa wa shuga masupuni atatu, ukawaonjezera lachinayi sakana."

Anayamba ndi za akufa, monga amachitira okalamba: kapitawo uja wa mluzu, mayi uja ankagulitsa kalongonda pageti, bwana uja amene anaikidwa m'manda ndi anthu asanu ndi mmodzi okha. Anaseka za mlonda wa chiguduli mpaka kutsokomola. Tiyi atatha, a Muliya anatembenuza kapu m'manja kangapo, n'kuyamba.

"Che Bakali, ine ndakulakwirani. Nkhani ya limba ija ndimaikamba tsiku ndi tsiku, koma inu ndinakuchotsamo."

"Ndinamva," anatero che Bakali mosatekeseka. "Nkhani zanu zimafika kuno pa minibasi. Anandiuza za mnyamata wina amene ankakupoperani. Ndinati, mnyamata ameneyo ndikumudziwa, anali wokongola."

A Muliya anachita manyazi mpaka kutentha m'makutu. Anafotokoza zonse: za Ireen, za mapepala a m'mitengo, za a Spencer ndi chingamu chawo. Kenako ananena chomwe sanauzepo munthu chibadwire, kuti iwo analibe luso lina lililonse koma kuwerenga nkhope ya mnzawo.

"Inu munkaona kanema, ine ndinkaona inu. Ndinabwera kudzapempha maso anu, koma ndapeza kuti ndachedwa."

Mapewa a che Bakali anayamba kugwedezeka. Anaseka, anaseka mpaka Ramla anasuzumira pakhomo.

"Maso anga! Mayo ine. A Hope, ine ndinkaona kanema uti?"

"Si inu munkayang'ana kutsogolo?"

"Ndinayang'ana tsiku loyamba lokha, mphindi mwina zitatu. Nditaona bokosi la maliro likutseguka ndinati, Bakali, izi si za mwana wa Chisilamu. Kuyambira pamenepo ndinkayang'ana inu, poganiza kuti nkhope ya mnzanga indilimbitsa mtima. Nkhope yake iti? Kuwala kunali kumbuyo kwanu, inu kumaso kuli bii, mutu wokha wakuda, mapewa akukwera n'kutsika, manja akukwawa. Ndiye limbalo likamalira mawu aakulu aja, mpini unkanjenjemera m'dzanja langa mpaka m'mimba. Amayi akati awonjezere kukuwa kumbuyoko, ine basi, mkono unkafa wokha. Ine ndinkaopa inu, achimwene!"

Zaka zisanu, anyamata awiri akuopsezana okhaokha kutsogolo kwa holo, kanema akudziyendera yekha kumbuyo, ndipo Mulanje yense n'kumati ndi ukatswiri.

"Nanga nkhani zija munkandiuza panjira?" anafunsa a Muliya.

"Munkandifunsa, ndikanati chiyani? Zina ndinkatola kwa amayi potuluka. Zina ndinkaonjezera."

"Mayi uja wa mapazi a mbuzi?"

"Ameneyo ndinamupanga ndekha, tili pa kamlatho ka kufakitale."

"Che Bakali! Ameneyo ndamukamba pa maukwati!"

"Ndiye mwamusamala bwino. Ine ndinali nditamuiwala."

Anasekanso, koma kuseka kwa a Muliya kunathera m'misozi, ndipo sanabise. Sankalirira dzina lawo. Ankalirira njira ija ya m'minda ya tiyi dzuwa likupendeka, anyamata awiri a nsapato za matayala, wina akunama, wina akukhulupirira, onse akuganiza kuti Loweruka lomaliza la mwezi lizibwera mpaka kalekale.

"Loweruka nthawi yanji?" anafunsa che Bakali.

"Thu koloko. Koma inu simuona."

"Ndanena kuti sindinkaona n'kale. Makutu alipo. Mkono ulipo pang'ono. Ndikaswali ya masana, Ramla andikweza minibasi."

"Ababa, mtima wanu uja," anatero Ramla ali pakhomo. "Adokotala anati musamanyamule ngakhale ndowa."

"Mpini si ndowa, mwanangu."

Ramla anayang'ana a Muliya mowadandaulira. A Muliya analiona diso limenelo, ndipo anadziwa chomwe munthu wabwino akanayankha. Koma anakumbukira mapepala a m'mitengo aja, n'kuyang'ana kumbali. Tinene zoona, anasankha dzina lawo.

Loweruka holo inadzaza isanakwane thu koloko. Ireen anali atatseka mawindo ndi mabulangete ndi makatoni. Ana asukulu anakhala kumbuyo ndi mafoni awo, okonzeka kuseka. Kutsogolo kunakhala okalamba a m'malaini a esiteti, ena atabwera pa kabaza kuchokera kutali, amayi amene kale ankakuwa ali atsikana, tsopano atatsamira ndodo. A pa benchi ya Ganizani analipo onse, kudzaona ngati nkhani ija inali ndi mutu.

Ireen atawaitana ndi mayina onse aulemu, a Muliya anaimirira, n'kugwira mnzawo pamkono.

"Awa ndi che Bakali a ku Nkando," anatero. "Limba ili timaliza anthu awiri. Takhala tikuliza awiri chiyambire."

Anthu anaomba m'manja mwaulemu, osadziwa kuti mawu ochepawo atenga zaka zingati kuti atuluke. Ramla anakhazika bambo ake kuseri kwa limba, n'kuika dzanja lawo pa mpini. A Muliya anakhala pansi chofulatira nsalu. Ireen anazimitsa magetsi, kanema n'kuyamba.

Poyamba kumbuyo kunamveka kuseka. Mpweya unalowa m'limba mosalongosoka, wambiri, kenako wochepa, ndipo a Muliya anaumva m'zala ngati moni wa munthu amene unamusowa. Anakweza maso. Kuwala kwa nsalu kunagwera pa nkhope ya che Bakali, yamakwinya, yopanda mano a kutsogolo, maso oyera ali tong'o. Anatsitsa dzanja lamanzere pa makiyi a mawu aakulu. Nsidze za che Bakali zinakwera. A Muliya anakweza nyimbo. Milomo ya che Bakali inayamba kunjenjemera, mpini unayamba kudumphadumpha, limba linabuula, ndipo kuseka kwa kumbuyo kuja kunazilala pang'onopang'ono mpaka kutheratu. Mtsikana wina anati "Mayo!" Che Bakali anadzidzimuka, limba n'kudzidzimuka nawo.

A Muliya sanalinso pa Chitakale. Anamva fungo la ziguduli ndi la thukuta la anthu ochokera kumunda. Anamva kutentha kwa malata a holo yakale. Mawondo sankawawanso. Penapake mumdimamo munali mtsikana wa duku lofiira amene anadzakhala mkazi wawo, ndipo anzawo a pasikelo onse anali moyo. Anasangalala monga sanasangalalirepo zaka zambiri, ndipo anakankha makiyi mwamphamvu, kufuna mpweya wina, wina, winanso.

Kenako limba linafa. Linangoti zii pakati pa nyimbo. M'holo munagwa bata loti ukanamva munthu akumeza malovu, ndipo gogo wina kutsogolo ananong'oneza mokweza, "Ndi pamenepo! Ankatero kumene!" Nthawi yomweyo china chake chinachitika pa nsalu, holo yonse inakuwa, ana asukulu omwe aja, benchi ina n'kugwa kumbuyo.

Koma a Muliya ankayang'ana nkhope, ndipo nkhope imeneyo ankaidziwa kuposa buku la nyimbo. Amenewa sanali mantha. Dzanja la che Bakali silinali pakamwa, linali pachifuwa. Thukuta linkatsika m'mphepete mwa kofia, ndipo ankapuma ndi pakamwa, mofulumira. Ramla anali atagwada kale pambali pawo, akufunafuna mapilitsi m'kachikwama.

A Spencer anafika chowerama, n'kugwira mpini.

"Pitirizani, madala, ndipopa ine," ananong'oneza. "Anthu agwidwa kale, ngakhale mulize zotani akuwa basi. Kwatsala mphindi makumi awiri zokha."

Zinali zoona. Holo inali m'manja mwawo. Akanangoliza mpaka kumapeto, nkhani ya limba ikanakambidwa pa Chitakale ngakhale iwo atapita, ndipo okamba akanakhala anthu ena, osati iwo okha. Zala zawo zinali kale pa makiyi. Anayang'ananso mnzawo, amene ankayesa kukankha dzanja la Ramla kuti abwerere pa mpini. Anadziwa kuti limba likangolira, nkhalamba imeneyi siikhala pansi.

Anatseka chivundikiro cha makiyi. Ananyamula kampando kawo, n'kuzungulira limba pang'onopang'ono akukoka phazi lamanzere, mthunzi wawo n'kudutsa pa nsalu anthu onse akuona. Anakhala pambali pa che Bakali.

Kanema anapitirira duu. Patapita mphindi zochepa kumbuyo kunayamba manong'onong'o, kenako mluzu. "Limba! Limba!" anakuwa mnyamata wina. Wina anati, "Madala atopa, mafuta atha," anzake n'kuseka. Chitseko chinatseguka, kuwala kwa dzuwa kunalowa, anthu angapo n'kutuluka. A Muliya anamva zonsezo, anazindikira ngakhale mawu a mmodzi wa pa benchi paja, ndipo zinawapweteka kwambiri. Koma sanadzuke.

Che Bakali anameza pilitsi ndi madzi. Pang'onopang'ono mpweya unayamba kubwerera m'malo mwake, ndipo Ramla anapumira m'mwamba, n'kukhala pansi.

"Mwasiyiranji, a Hope?" anafunsa che Bakali ndi mawu otsika. "Anthu abwera kudzamva inu."

"Anthu ali ndi maso, aziona okha. Inu pumani."

"Akusekanitu."

"Ndawamva."

Anakhala moyandikana, mapewa atagundana. Kenako che Bakali anapendeketsa mutu.

"Ndiye poti mwayang'ana kutsogolo, tandiuzani. Chikuchitika n'chiyani?"

"Mtsikana uja wadzitsekera m'nyumba. Waika tebulo kuchitseko."

"Nanga wa m'chitsimeyo?"

"Wafika pakhonde. Madzi akudontha m'malaya mwake."

"Iii. Ali ndi mano?"

A Muliya anayang'ana pa nsalu. Mzungu wowonda uja anali ataima pakhomo ndi ufa wake kumaso, milomo ili yotseka, akuoneka ngati munthu wodzapempha moto.

"Ali nawo," anatero. "Aataliatali, ofika pachibwano. Ndipo che Bakali, musachite mantha, koma kumapaziku si kwa munthu."

"Mayo ine," anatero che Bakali, n'kuwagwira mkono ndi manja onse awiri. "Pitirizani."